Malonjezo a Januwale amafera kuti?

Lachisanu la pakati pa Khirisimasi ndi Nyuwere, mayi a kunyumba kwanga ankafunafuna buku la kusikelo la mwana wathu wamng'ono m'sutikesi yakale momwe timasungamo mapepala. Ine ndinali pakhonde, ndikulimbana ndi tcheni cha njinga. Posakhalitsa ndinamva munthu akuseka yekha m'nyumba, kuseka kwa munthu amene wapezerera galu ali ndi dzira kukamwa.

Anatuluka atanyamula kope la chikuto chofiira, lomwe ine ndinkayesa kuti ndinabisa bwino.

"Bambo a ana, tasiyani njingayo mumve uthenga," anatero akukhala pamkeka. Kenaka anayamba kuwerenga mokweza ngati mlembi wa mpingo akulengeza zopereka.

"1 Januwale 2018. Chaka chino ndimanga nyumba ya malata. Ndigula njinga yamoto. Ndisiya ngongole. Ndibwerera kusukulu kukatenga digiri. Ndibzala mitengo kumunda."

Anatembenuza tsamba. Chaka cha 2019, mawu omwewo. Cha 2020, omwewo. Anapitirira mpaka 2024, masamba asanu ndi awiri, ndipo chomwe chinkasintha ndi mtundu wa inki basi. Pa tsamba la 2021 ndinachita kuwonjezerapo kuti "chaka chino ndiye chaka chino", n'kudula mizere iwiri kunsi kwake.

"Nanga za 2025 mukopera liti?" anandifunsa. "Kapena ndikulembereni ine, poti ndaloweza kale?"

Ndinaseka nawo, chifukwa mwamuna akagwidwa chotere palibenso china chochita. Koma usiku umenewo tulo sitinabwere.

Nyumba ya malata ija ilipo, koma ili m'kope. Njerwa ndinaumba ndi kuwotcha mu 2019. Uvuni wake ukadali pomwepo, wamera udzu pamwamba, mbuzi za aneba ndizo zimaotherapo dzuwa, ndipo mvula ya chaka chilichonse imachotsapo chakhumi chake. Njinga yamoto ndi yakapalasa yomwe ndinkakonza tcheniyo. Digiri, ndimangoona geti la koleji ya aphunzitsi ya Domasi ndikamadutsa. Mitengo ndinabzala kawiri, ndipo kawiri konse inatha ndi chiswe ndi mbuzi chilimwe chisanafike pakati. Za ngongole ndiye ndi zochititsa manyazi. Pamene ndikulemba pano, khadi langa la kubanki silili m'thumba mwanga. Lili kwa mkulu wina wa katapila, amene mwezi ukatha amayamba ndiye kulandira malipiro anga, ine mwini wake n'kulandira zotsala. Sabata ikubwerayi mwana wathu wamkulu abwerera kusekondale kukayamba teremu yachiwiri, ndipo usiku umene ndikunenawo fizi yake inali isanakwane.

Sindikulemba izi poyera chifukwa chokonda kudzivula pagulu ayi. Ndikudziwa kuti ambiri a inu owerenga muli nalo kope lotere, kaya la pepala kaya la mumtima. Usiku wa pa 31 Disembala matchalitchi amadzaza mpaka panja, anthu akulowa chaka ali chogwada, aliyense ndi lonjezo lake. Kumalo omwera nakonso wina amakweza botolo m'mwamba nati ili ndiye lomaliza. Tonsefe timanena zoona panthawiyo. Nanga malonjezo amenewa amakafera kuti?

Choyamba chomwe ndapeza n'chakuti timalonjeza titakhuta. Disembala ndi mwezi wonyenga. Mabanki m'khonde agawana ndalama, abale a kutauni ndi a ku Joni abwera ndi shuga ndi mafuta ophikira, mpunga ndi nkhuku zili m'mbale. Munthu wokhuta amalonjeza ngati mfumu. Koma wodzakwaniritsa lonjezolo si munthu wa Disembala uja. Ndi munthu wa pa 20 Januwale, amene ndalama zake zinathera pa chikondwerero, ufa wafika pansi pa thumba, chimanga chayamba chikasu chikufuna feteleza wobereketsa, ndipo mwana wabwezedwa kusukulu. Anthu awiriwa ali ndi dzina limodzi ndi nkhope imodzi, koma sadziwana.

Mwezi wa Januwale unatenga dzina kwa Janus, mulungu wa Aroma wa nkhope ziwiri, ina yoyang'ana m'mbuyo ina kutsogolo. Kwa azungu omwe anatibweretsera kalendalayi, mweziwu umagwa pakati pa nyengo yozizira, zokolola zili kale m'nkhokwe, minda ikupuma. Imakhaladi nthawi yoti munthu aothe moto n'kumaganizira za moyo wake. Ife kuno ku Domasi Januwale amatipeza tili weramu m'mizere, tikupalira ndi kubandira. Iyeyo ndi Febuluwale ndiyo miyezi ya njala, pamene anthu amasiya minda yawo kukagwira ganyu m'minda ya eni kuti apeze ufa wa madzulo. Kuyamba zinthu zikuluzikulu m'mwezi umenewu kuli ngati kusasula denga kuti ufolere latsopano mvula ili pamutu.

Ndiponsotu zaka zatsopano tili nazo zingapo. Cha sukulu chimayamba mu Seputembala. Cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo. Abale athu achisilamu, omwe ndi ambiri m'chigwa muno, ali ndi chawo choyamba ndi mwezi wa Muharram. Cha mlimi chimayamba khasu likalowa m'munda wouma mu Okutobala, podikira mvula yoyamba. Pa zonsezi cha pa 1 Januwale ndicho chaphokoso kwambiri, komatu tsiku lakelo ambiri timalithera m'tulo.

Kutacha Loweruka ndinapalasa njinga kutsetsereka kumunsi, kusikimu ya mpunga, kukaona amalume anga. Kwa inu amene simudziwa kuno, mtsinje wa Domasi umachokera m'mapiri a Zomba ndi Malosa, n'kudutsa pansi pa msewu wa ku Liwonde, ulendo wokathira m'nyanja ya Chilwa. Usanafike kunyanjako, madzi ake amapatutsidwa kulowa m'ngalande za sikimu ya mahekitala pafupifupi 500, yomwe inakhazikitsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 mothandizidwa ndi akatswiri a ku Taiwan. Amalume akhala akulima kumeneko kuyambira ali mnyamata. Sukulu analekezera Sitandade 4, koma nyumba yawo ndi ya malata, ana awo onse anafika Folomu 4, ndipo sindinamvepo munthu akuwalonjerera ngongole.

Ndisaname, ulendowo sunali wongocheza. Ndinkafuna andibwereke ndalama yotsala ya fizi.

Ndinawapeza ali panazale, matope lekeza m'mawondo. Poopa kuyamba ndi nkhani ya ndalama, ndinawafunsa zomwe akonza pa chaka chatsopano.

"Chaka chatsopano chiti, aphunzitsi?" anatero osadzuka n'komwe. Akafuna kundiseka amanditchula choncho. "Changa chinayamba tsiku lomwe ndinanyika mbewu iyi m'madzi."

Titakhala pamlambala anandifotokozera bwino.

"Mphwanga, ine sindinena kuti chaka chino ndikolola mpunga wambiri. Amenewo ndi mawu a munthu wolota. Ndimayambira pa tsiku lomweta n'kumabwerera m'mbuyo. Ndikufuna kumweta mu Meyi. Ndiye kuti kuwokera kuthe mu Januwale. Mbande imafunika ikhale panazale masabata atatu kapena anayi, ikapitirira apo yakalamba, siphuka ana ambiri. Ndiye kuti nazale ndifese mu Disembala. Kuti ndifese mu Disembala, mbewu ndikhale nayo kale. Kuti ndikhale nayo, pokolola chaka chatha ndinapatula thumba limodzi n'kulisoka pakamwa, osaligwiranso ngakhale m'nyumba mugone njala. Waona? Mpunga wa mu Meyi ukubwerayu ndinaulonjeza mu Meyi wapitayo."

Ndinawafunsa ngati pa moyo wawo wonse sanachitepo lonjezo ngati athu a pa Nyuweriwa.

Anati analonjezapo kamodzi kokha. Kale iwonso ankachita zomwe alimi ambiri amachita: njala ikafika pakhosi mu Febuluwale ankalandira ndalama kwa mavenda, kugulitsiratu mpunga ukadali wobiriwira m'munda. Pokolola mavenda aja ankabwera ndi matumba awo n'kudzatenga mpunga pa mtengo womwe anapangana m'nthawi ya njala. Wotsalawo ankaugulitsanso pomwepo, pamene aliyense akugulitsa ndipo mtengo uli pansi. Chaka cha 1995, pamene nyanja ya Chilwa inauma, anakolola pang'ono, ndipo pang'ono pomwepo panapita ndi mavenda. Anatsala ndi mapesi okha. Ndipo analumbira chinthu chimodzi: sadzalandiranso ndalama ya mpunga umene sanamwete, ndipo chaka chilichonse adzasungako matumba mpaka mtengo utakwera chakumapeto kwa chaka.

"Chaka choyamba ndinasunga matumba awiri okha," anatero. "Ndipo sindinawasunge kwanga. Ndinakawasiya kwa mlongo wanga, mayi akowo, n'kuwauza kuti ngakhale ndibwere ndikulira asandipatse Okutobala asanafike. Ndinapitako kawiri. Kawiri konse anandithamangitsa."

Atagulitsa matumba awiriwo anagula malata awiri n'kuwaika kudenga kwa mayi anga komweko. Chaka chotsatira anawonjezera anayi. Zaka zinkapita, malata ankachuluka, mpaka tsiku lina anthu anangoona nyumba ikunyezimira. Ena anati mkuluyu wakhwima. Palibe amene ankawerenga malata aja pamene ankalowa awiriawiri. Pang'onopang'ono ndi mtolo, koma mtolowo anthu amauona pokhapokha ukasenzedwa.

Nkhani ya fizi nditaitula, amalume anandiyang'ana nthawi yaitali. Anati ndalama sandibwereka, chifukwa munthu amene ali m'dzenje sumamuponyera khasu. Koma akufuna anthu owokera Loweruka lililonse la mwezi uno, ndipo akulipira aliyense wogwira ntchitoyo. Ngati ndivomera kulowa m'matope, ndalama yotsalayo akaipereka okha kusukulu, ine ndibweze ndi msana. Ndinayamba kuganiza za ana a m'kalasi mwanga, ena mwa iwo ochokera konko, akundiona nditapinda buluku ndikugwira ganyu. Kenaka ndinakumbukira komwe kuli khadi langa. Ndinavomera.

Pobwerera, nditafika kumtunda kuno, ndinadutsa pafupi ndi Malawi Institute of Education, komwe amakonza masilabasi ndi mabuku omwe timaphunzitsira m'sukulu za dziko lino. Apo mpamene ndinadziseka ndekha panjinga. Amalume ali ndi sikimu yawo ya mpunga, nanenso ngati mphunzitsi ndili ndi masikimu anga. Teremu iliyonse isanayambe ndimakhala pansi n'kugawa ntchito: sabata yoyamba mutu wakuti, yachiwiri wakuti, mpaka mayeso. Sabata ikatha ndimalemba zomwe ndaphunzitsadi ndi zomwe zatsalira, ahedi n'kusainira. Phunziro lililonse lili ndi zomwe mabuku athu amazitcha zizindikiro za kakhozedwe. Palibe mphunzitsi amene angalembe kuti "teremu ino ana akhala anzeru". Ahedi angamubwezere kope lake pomwepo. Timalemba kuti pofika kumapeto kwa phunziro ophunzira awerenga mawu akutiakuti, alemba ziganizo zingapo, zinthu zoti munthu wina atha kubwera n'kuona ngati zachitika kapena ayi.

Ntchito imeneyi ndaigwira zaka zambiri, ndipo ndimaidziwa. Koma pofika pa moyo wanga ndi wa ana anga, ndinkangolemba kuti "ndimanga nyumba". Liti? Ya zipinda zingati? Ndi ndalama zochokera kuti? Choyamba kuchita n'chiyani? Asainire ndani? Kope lofiira lija ahedi akanaliona akanalibweza chaka choyamba chomwe.

Nditafika kunyumba ndinalitenganso n'kuliwerenga monga ndimachongera ntchito ya ana. Zolakwa zake zinaoneka msanga.

Malonjezo anali ochuluka. Nyumba, njinga yamoto, digiri, zonse pa malipiro amodzi a mphunzitsi wa pulayimale, m'chaka chimodzi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Analibenso ndondomeko yoti chiyambe n'chiti. Ngongole ndinkailemba pachitatu, ngati chinthu chofanana ndi zinazo, chonsecho ndiyo inali chiboo cha ndowa momwe ndinkathiramo madzi. Ndipo anali achinsinsi. Lonjezo lomwe ukulidziwa wekha ndi losavuta kuliphwanya, chifukwa wokuzenga mlandu ndi iwe wemwe, woweruza ndi iwe wemwe, ndipo mumamvana.

Kenaka ndinachita masamu omwe ndakhala ndikuwazemba. Kwa akatapila ndinatenga K100,000, yoti mwezi ukatha ndibweze K150,000. Ndalama yonseyo sindinaipezepo pakamodzi, choncho mwezi uliwonse amadula K50,000 ya chiwongoladzanja, K100,000 ija n'kutsala chikhalire. Miyezi khumi ndi iwiri ya 2024 ndapereka K600,000, ndipo ngongole sinachepe ngakhale ndi tambala. Mayi a kunyumba nditawaonetsa anangoti kakasi, kenaka anati: "Ndiye kuti malata athu aja alipo, koma afolera nyumba ya wina."

Matenda amenewa si a ine ndekha, ngakhale dziko lathu linadwalapo. Mu 1998 tinakhazikitsa masomphenya a Vision 2020, olonjeza kuti pofika chaka cha 2020 Malawi adzakhala atachoka m'gulu la mayiko osaukitsitsa n'kulowa m'gulu la opeza pakatikati. Mawu ake anali okoma ngati a m'kope langa. Chaka cha 2020 chinafika n'kutipeza tili pomwe tonse tikudziwa. Mu Januwale 2021 tinatsegula tsamba lina, Malawi 2063, ndipo ulendo uno analigawako, n'kukonza ndondomeko ya zaka khumi zoyambirira yolekezera mu 2030. Ngati ziyende kapena ayi tidzaona, koma zikusonyeza kuti akuluakulu nawo anazindikira zomwe amalume anazindikira m'matope, kuti lonjezo lakutali limafuna masiku apafupi oti munthu azifunsidwa.

Ndikudziwa zomwe ena mukunena mumtima. Mukuti, aphunzitsi, mapulani m'dziko muno amathandiza chiyani? Munthu unasunga ndalama ya simenti, mu Meyi 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 n'kugwanso ndi 44 peresenti, ndalama yako ija n'kusanduka ya theka la zomwe unkafuna. Unalima bwino, mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy n'kukokolola munda ndi nyumba yomwe. Unadzukanso n'kubzala, mu 2024 ng'amba n'kuwotcha chimanga, mpaka mu Malichi chaka chomwecho Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi ya njala. Msodzi wa ku Kachulu amene analonjeza mu Januwale 2018 kuti agula ukonde watsopano anaona bwato lake litakhala pamatope ouma chaka chisanathe. Lonjezo lake linalakwa pati?

Zimenezi n'zoona, ndipo sindingaime pamaso pa mayi amene munda wake unakwiririka ndi mchenga n'kumuuza kuti wasauka chifukwa chosalemba mapulani. Kungakhale kumunyoza. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo zambiri zomwe zimatigwetsa kuno sizichokera m'manja mwathu.

Koma taonani zomwe amalume analonjeza. Sanalonjeze mvula. Sanalonjeze mtengo wa mpunga. Sanalonjeze ngakhale nyumba ya malata. Analonjeza zomwe dzanja lawo lichite ndi zomwe lisachite: kusalandira ndalama ya venda, ndi kukasiya matumba kwa mlongo wawo. Chaka chabwino matumba ankakhala asanu, chaka choipa limodzi, koma lonjezo linkasungika m'zaka zonse ziwiri. Ine ndinkalonjeza zokolola, iwo ankalonjeza ntchito. Ndipo ndikanena chilungamo, si Freddy amene anasiya njerwa zanga pamvula kuyambira 2019. Si kugwa kwa kwacha komwe kunkandikhotetsera njinga pa Songani tsiku la malipiro, kuti ndikangomwa limodzi ndi anzanga, limodzi lomwe linkabereka anzake mpaka mdima. Mavuto aakulu a dziko ndi enieni, koma ndinkabisalanso kumbuyo kwawo.

Choncho tsamba la 2025 ndalemba mosiyana, ndipo ndalilemba mayi a kunyumba ali pambali panga.

Choyamba ndi khadi. Gulu la banki m'khonde lomwe mayi ali langoyamba kumene kusonkha pambuyo pogawana mu Disembala, ndipo ndalama yobwereketsa ikhala itakwana chakumapeto kwa Febuluwale. Pamenepo iwo adzabwereka K100,000 m'dzina lawo, tikawombole khadi. Gulu lawo limalipiritsa K20 pa K100 iliyonse pamwezi. Ndizibweza K25,000 mwezi uliwonse kuphatikiza chiwongoladzanja cha ndalama yotsala: K45,000 mu Malichi, K40,000 mu Epulo, K35,000 mu Meyi, K30,000 mu Juni. Mwezi uliwonse ndi ndalama yochepera pa yomwe akatapila amadula, ndipo pa 30 Juni ngongole idzakhala itatha. Ndikudziwa kuti ndikuika dzina la mkazi wanga pachiswe pakati pa amayi anzake, omwe salekerera munthu wolephera kubweza. N'chifukwa chake iwonso aika lamulo lawo, ndipo ndalivomera: khadi likachoka kwa akatapila silibwera m'thumba mwanga, lipita m'mpango mwawo. Tsiku la malipiro tizipitira limodzi.

Chachiwiri ndi njerwa. Nyumba chaka chino sindikulonjeza. Sabata ino ndizula udzu pauvuni paja n'kufundikapo pepala la pulasitiki. Mvula ikatha mu Meyi ndidzaphwasula uvuni n'kuwerenga njerwa zomwe zikadali zabwino. Patchuthi cha mu Ogasiti ndidzakumba maziko ndekha ndi achimwene anga. Kuyambira mu Julayi, ndalama yomwe inkapita ku ngongole izigula malata, kaya limodzi kaya awiri pamwezi malinga ndi mtengo wake, ndipo azikagona kwa amalume, omwe ndawapempha kale kuti andithamangitse ndikapita kukawafuna nthawi isanakwane.

Chachitatu ndi mitengo. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, ndipo chaka chilichonse timamva za mitengo yobzalidwa, koma za mitengo yopulumuka sitimvamo kawirikawiri. Ine ndinkabzala yambirimbiri tsiku limodzi n'kuitsanzika. Chaka chino ndibzala 20 yokha pofika pa 31 Januwale, mibawa m'malire a munda ndi misangu m'kati mwake, uliwonse ndi kampanda kake ka minga kotchinga mbuzi. Ndidzaiwerenga pa 30 Seputembala, dzuwa litaiyesa. Ngongole imeneyi ndili nayo kwa phiri. Nkhuni zomwe zinawotcha njerwa zanga zija zinatsika kuchokera ku Malosa, ndipo aliyense woyang'ana phirilo lero akuona mmene layerera. Madzi omwe amalume amathirira mpunga amachokera komweko.

Njinga yamoto ndi digiri ndazidula mzere. Sizinafe, zaima pamzere kudikira nthawi yake. Kudula zinthu ziwirizi kunandipweteka kuposa kulemba zitatu zija, chifukwa ndizo ndinkakonda kuzilota. Koma kulota chinthu zaka zisanu ndi ziwiri osachiyandikira kumangomuphunzitsa munthu kuti mawu ake alibe ntchito, ndipo ana anga akhala akuonerera phunziro limeneli.

Kope lofiira tsopano likusungidwa ndi mayi. Lamulungu lomaliza la mwezi uliwonse, tikachoka kutchalitchi, azilitsegula n'kumandifunsa mmodzimmodzi. Ahedi ndawapeza, ndipo ndi aukali kuposa a kusukulu.

Kwa inu owerenga, pempho langa ndi lochepa. Tulutsani mndandanda wanu uja, mudule zonse kusiya chimodzi kapena ziwiri, makamaka chomwe chikudontheza ndowa yanu. Muchiike tsiku ndi nambala. Mubwerere m'mbuyo ngati amalume mpaka mupeze choti muchite sabata ino, ngakhale chikhale chaching'ono ngati kugula pepala la pulasitiki. Ndipo muuze munthu mmodzi amene sakuopani, osati mnzanu wa kumowa amene angakukhululukireni msanga. Ngati Januwale akugwetsani, musadikire Januwale wina. Yambiraninso pokolola mu Epulo, pamene muli ndi kanthu m'manja koti n'kusunga, kapena Lolemba lililonse lomwe mwadzuka ndi mphamvu. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Nanenso ndikudziika m'manja mwanu. Sabata yoyamba ya Julayi ndidzalemba pa tsamba lomwe lino kukuuzani ngati ngongole ija yatha kapena ayi. Ndikadzayamba kulemba za mpira kapena za ndale sabata imeneyo, mudzadziwe kuti ndikuzemba, ndipo mudzalembere akonzi kundifunsa.

Pakadali pano, mukadutsa kusikimu ya Domasi Loweruka lililonse la mwezi uno n'kuona bambo wina atapinda buluku, akuwokera mizere yokhotakhota kumbuyo kwa amayi ndi anyamata omwe amusiya kutali, musamuseke kwambiri. Akulipira fizi.